MAI MARY SLESSOR WA KU CALABAR

Pamene tiri kukondwerera chaka cha bungwe lathu, taganiza kuti tikufotokozereniko mbiri ya mai wina amene anamwalira kale kale, dzina lao Mary Slessor. Chifukwa chache nchakuti kaŵiri kaŵiri ikafika nthaŵi yosankha atsogoleri, kapena yotuma munthu kuti akayendere odwala, timamva mau amodzimodzi. Wina amati iye sanaphunzire. Wina amati ngwosauka, alibe ndi chobvala chomwe chopitira pagulu. Wina amati ngwamanyazi, sangathe kuima pamaso pa anthu. Winanso amati alibe mwamuna kapena mwana, tsono angamumvere ndani. Ngakhale ife amene tikulemba nkhani ino tinanenapo mau otere. Mai amene tikunenaŵa anali nazo zonsezi, koma zinthu zomwezo ndizo zinadzawathandiza pa ntchito yao.

UBWANA WAO

Mary Slessor anabadwa pa 2 Disembala, 1848, mu mzinda wa Aberdeen m'dziko la Scotland. Iye anali wachiŵiri m'banja la ana 7. Bambo ache, a Robert Slessor, anali mmisiri wosoka nsapato, koma moŵa unawagwira ukapolo kotero kuti ntchito inawakanika. Mai ache, amenenso dzina lao linali Mary, anali munthu wopemphera ndiponso wodziŵa kuomba nsalu. M'chaka cha 1859 banja lonse linasamukira ku Dundee, mzinda wa mafakitale a nsalu, poganiza kuti mwina kumeneko zinthu zikakhala bwino. Koma bambo aja moŵa sanausiye. Banjalo linkakhala m'chipinda chimodzi ku dera la amphaŵi, ndipo amai ndiwo analoŵa ntchito m'fakitale kuti ana adye.

Loŵeruka usiku linali tsiku la mantha pa banjali. Bambo akabwera ataledzera, nthaŵi zina Mary ankapirikitsidwira kunja, namayendayenda m'miseu muli mphepo yozizira kudikira kuti bambo agone. Mai ache ankamtuma mobisa kukapinyolitsa katundu wa m'nyumba, osafuna kuti anzao a mumpingo adziŵe za manyazi ameneŵa. Ambiri a ife nkhani yotereyi sitichita kufunsa, tinaiona ndi maso kwathu kapena kwa anansi athu.

Atafika zaka 11 Mary anayamba ntchito pa fakitale ya Baxter Brothers. Theka la tsiku ankagwira ntchito, theka lina ankaphunzira pa sukulu imene eni fakitale anamanga. Pofika zaka 14 anayamba kugwira tsiku lonse, kuyambira 6 koloko m'maŵa kufikira 6 koloko madzulo. Sukulu yache yeniyeni inathera pomwepo. M'kupita kwa zaka bambo ache anamwalira, alongo ache aamuna anamwaliranso, ndipo panatsala mai ndi ana aakazi atatu, Mary, Susan ndi Janie. Ndalama za Mary ndizo zinakhala mzati wa nyumba.

Tsono poona kuti nthaŵi yokhala m'kalasi palibe, Mary anayamba kutenga buku popita ku ntchito. Ankaliika pa makina oombera nsalu, namaŵerenga mzere umodzi kapena iŵiri manja ali pa ulusi. Nzeru imeneyi anachitaponso David Livingstone, amene anayamba ntchito ali ndi zaka 10 pa fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, kumene kunachokera dzina la mzinda wathu wa Blantyre. Munthu woŵerenga motere sathamanga. Amatenga mau pang'ono nkumawasinkhasinkha tsiku lonse, ndipo zimene waŵerengazo saiŵala msanga.

ANYAMATA A MUMSEU

Mary anali wa mpingo wa Wishart, wa Eklesia wa United Presbyterian. Atakula anadzipereka kuphunzitsa ana a m'madera obvuta a mzindawo, kumene aphunzitsi ochokera m'mabanja olemera ankaopa kufikako. Iye sanaope, pakuti anakulira komweko, ndipo chilankhulo cha mumseu ankachidziŵa.

Tsiku lina madzulo anyamata ozunguza anamtsekera njira. Mtsogoleri wao anali ndi chitsulo cholemera chomangirira ku chingwe, ndipo anayamba kuchizunguza pafupi ndi nkhope ya Mary kuti athaŵe. Mary anangoima chiriri osagwedezeka, kufikira chitsulocho chinamkhudza pamphumi. Mnyamata uja anagoma, nasiya, ndipo iye ndi anzache analoŵa m'kalasi usiku womwewo. Mtsikana amene anazoloŵera kuima pamaso pa bambo woledzera sakanaopa anyamata a mumseu. Patapita zaka, kulimba mtima komweku kunadzagwira ntchito pamaso pa mafumu onyamula mfuti.

ULENDO WA KU CALABAR

Mai ache a Mary ankakonda kuŵerengera ana ao magazini ya mpingo yotchedwa Missionary Record, imene inkasimba za mishoni ya ku Calabar, dera limene lero liri kummwera chakummaŵa kwa Nigeria. Mishoniyi inayamba m'chaka cha 1846 motsogozedwa ndi Mbusa Hope Waddell, ndipo ena mwa oyambitsa ache anali Akristu akuda ochokera ku Jamaica. Maiwo ankalakalaka kuti mmodzi wa ana ao aamuna adzapite kumeneko, koma onse anamwalira.

Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, ndipo mtembo wache utaikidwa ku London m'chaka cha 1874, anthu ambiri a ku Scotland anatekeseka mtima. Mary anadzipereka kwa akulu a mishoni m'chaka cha 1875. Anamphunzitsa miyezi yoŵerengeka ku Edinburgh, ndipo pa 5 Ogasiti, 1876, anakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Ethiopia, ali ndi zaka 27. Chaka chomwecho ndi chimene mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa kuno kwathu. Kuyambira pano tidziwatchula Mai Slessor, ngakhale kuti sanakwatiwe, chifukwa anthu a kumeneko ankawaitana Ma, ndiko kunena kuti mai.

Poyamba anakhala ku Duke Town pamodzi ndi amishoni ena. Malungo anawagwira koopsa, ndipo m'chaka cha 1879 anabwerera kwao kukapuma. Atabweranso m'chaka cha 1880 anawatumiza ku Old Town, kumene anakakhala okha pakati pa anthu a mtundu wa Efik.

UMPHAŴI UNAWATSEGULIRA KHOMO

Malipiro ao anali mapaundi 60 pa chaka, ndipo gawo lalikulu ankatumiza ku Dundee kuti mai ao ndi abale ao adye. Azungu anzao ankaitanitsa zakudya za m'zitini ndi ufa wa tirigu kuchokera kwao, koma Mai Slessor ndalama zotere analibe. Motero anayamba kudya zimene anthu a kumeneko ankadya, monga zilazi, nthochi zophika, nsomba ndi mafuta a kanjedza. Chinthu chimodzi chokha chimene sanathe kuleka ndi tiyi. Anagona m'nyumba yomata ndi dothi yofolera ndi masamba. Nsapato ndi zipewa anazisiya, tsitsi lao lofiira analidula, nabvala madiresi wamba osabvuta kuchapa.

Iwo anachita zimenezi chifukwa cha kusoŵa, koma taonani chimene chinatulukamo. Popeza ankagula pa msika umodzi ndi amai a m'mudzi, ndi kukhala nao pansi pophika, anaphunzira chilankhulo cha Efik ndi miyambi yache yomwe, mpaka eni ache ankadabwa. Galamala ya m'buku sankaidziŵa kwenikweni, anaphunzira ndi khutu monga aphunzirira mwana. Amai ankawauza zakukhosi zimene sakanauza mzungu wokhala m'nyumba ya pamwamba pa phiri. Ndiponso popeza analibe katundu wambiri, ankatha kunyamuka nthaŵi iriyonse, usana kapena usiku, akamva kuti kwinakwache kwagwa zobvuta. Pomanga nyumba ankaponda okha dothi ndi kukwera okha padenga. Ngakhale simenti ankasakaniza okha, kuitakasa monga atakasira phala, osaphunzitsidwa ndi mmisiri.

ANA AMAPASA

Masiku amenewo anthu a dera limenelo ankakhulupirira kuti mkazi akabala mapasa, mmodzi wa anawo ngwa mzimu woipa. Popeza sankadziŵa kuti ndi uti, ankapha onse aŵiri kapena kuwataya kuthengo m'mbiya, ndipo mai wao ankampirikitsa m'mudzi. Amishoni oyamba pamodzi ndi mafumu ena, monga Mfumu Eyo ya ku Creek Town, anali atayamba kale kulimbana ndi mwambowu, koma kumidzi unali ukuchitikabe. Mai Slessor akangomva kuti kwabadwa mapasa ankathamangirako, natenga anawo kupita nao kwao, ndi kusamaliranso mai wopirikitsidwayo.

Mwana wina wamkazi amene anampulumutsa anamutcha Janie, dzina la mng'ono wao, ndipo anapita naye ku Scotland m'chaka cha 1883. Kumeneko anapeza mng'ono waoyo akudwala chifuwa chachikulu, nakhala nthaŵi yaitali akumdwazika. Susan anamwalira. Mai Slessor atabwerera ku Calabar kumapeto kwa 1885, sipanapite nthaŵi, analandira uthenga wakuti mai ao amwalira, ndipo patangopita miyezi yochepa Janie mng'ono wao anatsatira. Pa banja lonse la ana 7 anatsala okha.

Chisoni chao chinali chachikulu. Koma anaonanso kuti tsopano panalibe munthu kwao amene akanagona ndi nkhaŵa iwo akaloŵa kumidzi yoopsa. Pamenepo anapempha akulu a mishoni kuti awalole kupita ku Okoyong.

KU OKOYONG

Okoyong linali dera la nkhalango pakati pa mitsinje ya Cross ndi Calabar. Anthu ache ankayenda ndi mfuti ndi zikwanje, ankamwa kwambiri moŵa waukali wogula kwa amalonda a ku Ulaya, ndipo sankakhulupirira alendo. Mfumu ikafa ankapha akapolo ndi ena mwa akazi ache kuti aiperekeze. Munthu akamganizira ufiti ankammwetsa nyemba ya ululu yotchedwa esere, monga momwe makolo athu ankamwetsera mwabvi.

Mai Slessor anafika m'mudzi wa Ekenge mu Ogasiti, 1888, kukugwa mvula, kunja kutada, ali ndi ana 5, wamng'ono atamnyamula. Mwamuna akanafika kumeneko, anthu akanamuyesa kazitape kapena wodzayamba nkhondo. Koma uyu anali mkazi wochepa thupi, wopanda mfuti, wopanda nsapato, wodzaza ndi ana m'manja. Panalibe woti amuope, ndipo chifukwa cha chimenecho anamlola kukhala. Mfumu Edem inawapatsa malo m'bwalo la akazi ache, m'mene mwamuna wachilendo sakanaloŵa, ndipo m'menemo anamva zonse zochitika m'mudzi.

Mutu umodzi susenza denga. Mlongo wache wa mfumu, mai wamasiye dzina lao Ma Eme, anakhala bwenzi lao lenileni. Akamva kuti amuna akupangana zakupha munthu, Ma Eme ankatumiza botolo lopanda kanthu ngati akupempha mankhwala, ndipo Mai Slessor ankadziŵa kuti kwagwa nkhani. Ma Eme sanaloŵe Chikristu, koma anthu ambiri anapulumuka chifukwa cha iwo, ndipo sitiyenera kuwaiŵala posimba mbiri imeneyi.

M'chaka cha 1889 mwana wa mfumu dzina lache Etim anapsinjidwa ndi mtengo pomanga nyumba, ndipo patapita masiku anamwalira. Woombeza anati mudzi wina ndiwo wamlodza. Anagwira amuna ndi akazi, ena ali ndi makanda, nawamanga ndi maunyolo kuti amwe esere. Mai Slessor analibe asilikali kapena lamulo la boma. Chimene anatha kuchita ndi kukhala pansi pambali pa omangidwawo osachokapo. Anasinthana ndi kalipentala wa mishoni, Bambo Charles Ovens, wina usana wina usiku, kwa masiku ambiri, akupempha ndi kukangana ndi mfumu. Ma Eme naonso anagwada pamaso pa mlongo wao kupepesera mkazi mmodzi. Omangidwa aja anamasulidwa mmodzi mmodzi, ndipo pa malirowo anapha ng'ombe m'malo mwa munthu.

Mai Slessor anaonanso kuti amuna ambiri ankamwa ndi kumenyana chifukwa chosoŵa chochita. Motero anakopa mafumu a Okoyong kuti akaonane ndi Mfumu Eyo ku Creek Town, ndipo malonda a mafuta a kanjedza ndi zokolola anayamba pakati pa anthu amene kale ankaphana. Anaumirizanso mishoni kuti imange sukulu ya ntchito zamanja. Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia, amenenso anabadwira ku Aberdeen, anatumidwa ku Calabar kukaona ngati nkotheka, ndipo sukulu ya Hope Waddell inatsegulidwa m'chaka cha 1895.

WOWERUZA MILANDU

M'chaka cha 1892 boma la Britain linafuna kuika woweruza ku Okoyong. Mai Slessor ananena poyera kuti anthuwo sangalandire mlendo wosadziŵa miyambo yao, ndipo mkulu wa boma, Sir Claude MacDonald, anapereka udindowo kwa iwo omwe. Nthaŵi imeneyo ntchito yotere sinkapatsidwa kwa akazi. M'chaka cha 1905 anawaikanso pa bwalo la milandu la ku Ikot Obong. Munthu amene sukulu anailekera pa zaka 14 anakhala pa mpando woweruza, wosasoŵa womasulira, ndipo mboni yonama inkabvutika kuwanamiza.

Milandu ya kumeneko inkatha tsiku lathunthu, aliyense kulankhula mpaka kutopa. Manja amene anazoloŵera ulusi m'fakitale sankatha kukhala chabe, choncho ankatenga zoluka zao namaluka anthu akukangana, nthaŵi zina mwana ali pamiyendo. Kulukako kunkawathandiza kuugwira mtima, ndipo anthu aukali poona mai akuluka mosatekeseka, naonso ankazizira. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Komabe sitinganene kuti anali munthu wofatsa nthaŵi zonse. Anali ndi mtima wapachala, ndipo mwamuna wosokoneza bwalo ankatha kulandira khofi.

Chodabwitsa nchakuti mai yemweyu akapita ku Scotland ankachita manyazi kwambiri. Kulankhula mu msonkhano muli amuna kunkawabvuta, ndipo ankaopa kudutsa pa munda pamene pali ng'ombe. Manyaziwo sanathe mpaka imfa. Koma chifukwa cha manyazi omwewo sankakonda maulaliki aatali. Ankakonda kukhala pansi ndi anthu oŵerengeka, kucheza nao ndi kuyankha mafunso ao, ndipo kumidzi ya ku Okoyong njira imeneyi ndiyo inkagwira mtima.

MAI WA ANA AMBIRI

M'chaka cha 1891 anatomeredwa ndi mphunzitsi wa mishoni, Bambo Charles Morrison. Akulu a mishoni sanalole kuti bamboyo asamukire ku Okoyong, ndipo Mai Slessor sanafune kusiya anthu ao. Ukwati sunachitike. Bamboyo anadwala, nachoka ku Calabar, ndipo pambuyo pache anamwalira ku America. Mai Slessor sanabale mwana wao wao, koma m'nyumba mwao simunasoŵe ana. Analera Janie, Annie, Mary, Alice, Maggie, Dan ndi ena ambiri. Usiku ankagoneka makanda m'nsalu zolendeŵera, namanga chingwe ku nsalu iriyonse, kuti wina akalira angokoka chingwe chache ali chigonere. Anthu anawatcha Eka Kpukpru Owo, ndiko kuti mai wa anthu onse. Kuona mapasa akukula bwino pakhomo pao, osabweretsa tsoka liri lonse, kunaphunzitsa anthu koposa mau.

Atakhala zaka 15 ku Okoyong anasunthira mtsogolo, ku Itu ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Enyong, pakati pa anthu a mtundu wa Ibibio. Ku Use anakonza malo oti akazi opirikitsidwa adzikhalapo ndi kudzilimira okha. Miyendo itayamba kufooka anaphunzira kupalasa njinga ali ndi zaka zoposa 50. Nyamakazi itawakanikitsa njinga, ana ao ankawakankha pa mpando wa mikombero, ndipo ntchito sinaime. M'chaka cha 1913 analandira mendulo ya ulemu ya Order of St John of Jerusalem. Anamwalira ku Use pa 13 Januwale, 1915, ali ndi zaka 66, Janie ndi ana ena ali pambali pao, ndipo anaikidwa ku Duke Town. M'chaka cha 1997 banki ya Clydesdale ku Scotland inaika nkhope yao pa ndalama ya mapaundi 10.

TIPHUNZIREPO CHIYANI?

Tisanamizane kuti umphaŵi ngwabwino, kapena kuti bambo woledzera ndi dalitso pa banja. Mai Slessor chilonda cha ubwana wao anakhala nacho moyo wao wonse, ndipo za bambo ao sankakonda kukamba. Ndiponso si zonse zimene anachita zoti titsanzire. Madzi akumwa sankaphitsa, m'masikito sankagonamo, ndipo malungo anawazunza zaka zonse. Ife madzi tidziphitsa, ana tidziwagoneka m'masikito, ndi kupita nao ku sikelo.

Chimene tikutolapo ndi ichi. Iwo sanadikire kuti ayambe apeza maphunziro, ndalama kapena banja, ndipo kenaka ayambe ntchito. Anayang'ana chimene chinali m'manja mwao, nafunsa kuti chingathandize yani. Ambiri a ife sukulu tinalekera ku pulaimale, koma chifukwa cha chimenecho timalankhula mau amene agogo a kumudzi amamva msanga. Mai amene anagonapo ndi njala amazindikira nyumba imene simunapsye kanthu ngakhale eni ache asanene. Mai wamasiye amadziŵa chimene mnzache wofedwa amasoŵa anthu onse atabalalika pa maliro. Mai amene sanabereke kapena ana ache anakula, ali ndi malo pa mphasa oti mwana wamasiye agonepo. Ndipo mai wamanyazi, wosatha kuima kutsogolo, kaŵiri kaŵiri ndiye amatha kusunga chinsinsi ndi kukhala phee pambali pa wodwala.

Tsono amai anzathu, ikadzafikanso nthaŵi yogaŵana ntchito, tisadzathamangire kuŵerenga zimene tiribe. Aliyense adzayambe wadzifunsa kuti mabvuto amene wapitamo anamphunzitsa chiyani, ndipo ndani m'mudzi mwache amene akusoŵa nzeru imeneyo lero.